Kalata kwa akuluakulu a za malo: mu Zomba munthu mmodzi akugwira ntchito za anthu asanu

Kwa Olemekezeka Nduna ya za Malo,
kwa Commissioner for Lands ndi Surveyor General,
kwa Meya ndi Mkulu wa Khonsolo ya Mzinda wa Zomba,
ndi kwa Bwanamkubwa wa boma la Zomba.

Akuluakulu,

Ndikukulemberani ngati nzika ya mzinda uno, munthu wokhoma msonkho wa nyumba ku khonsolo, komanso kholo la ana amene ali m'nyumba za lendi. Pempho langa ndi limodzi: tithandizeni kudziwa amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito iliyonse pa nkhani za malo ndi nyumba. Malamulo alipo, munawalemba bwino. Koma sanafike kwa mayi amene akufuna poloti ku Matawale kapena ku Chinamwali. Amene wafika kwa mayiyo ndi mnyamata wonyamula foni, ndipo mnyamatayo akugwira yekha ntchito za anthu asanu.

Timamutchula kuti ejenti. Ndiye amakupezerani malowo. Ndiye amakuuzani mtengo wake. Ndiye amayeza, kaya ndi tepi kaya ndi mapazi, n'kukhoma zikhomo m'makona. Ndiye amakutsimikizirani kuti pano mukhoza kumanga popanda vuto. Pomaliza amang'amba pepala m'kope, kulemba mgwirizano, n'kunena kuti ndalama asunga iyeyo kufikira mapepala atatuluka. Pa zisanuzi, ntchito yake ndi yoyamba yokhayo. Zinazo zili ndi eni ake, anthu amene anapita kusukulu zaka zambiri, amene ali m'kaundula, amene akalakwitsa ali ndi kowasumira. Vuto n'lakuti ambiri a ife sitinauzidwepo kuti anthu amenewa alipo, ndipo amene anamvapo sadziwa kowapeza.

Ku chipatala sitisokonezeka chotere. Munthu wa ku Jali amene sanapite patali ndi sukulu amadziwa kuti wolemba makadi pakhomo si amene amabaya jakisoni, ndipo wobaya jakisoni si amene amang'amba m'mimba. Koma munthu yemweyo, tsiku loti atulutse ndalama zonse za penshoni kapena za mpunga wa zaka zingapo, amazipereka kwa munthu amene dzina lake lenileni salidziwa.

Zomba ndi mzinda wovuta pa nkhani ya malo kuposa mmene umaonekera. Unali likulu la dziko kufikira 1975, ndipo mbiri imeneyo inasiya malo a eni osiyanasiyana ogundanagundana. Pali malo a boma okhala ndi nyumba zakale za ku Masongola ndi Mulunguzi. Pali malo a Malawi Housing Corporation (MHC), bungwe lomwe lakhalapo kuyambira 1964. Pali malo a khonsolo, pali a mipingo, pali a anthu okhala ndi lizi (umwini wa zaka zowerengeka) kapena umwini wamuyaya, ndipo mukangotuluka pang'ono mwalowa m'malo a makolo a mafumu monga Chikowi, Mwambo ndi Malemia. Mtundu uliwonse uli ndi khomo lakelake logogoda pofuna kusintha umwini. Chikhalireni mzinda mu 2008 anthu akuchulukirabe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 105,000. Onsewa akufuna pogona. Munthu angathe kuima pa poloti n'kuona mango ndi nthochi, koma maso sangamuuze kuti malowo ndi a khonsolo, a MHC kapena a banja lomwe silinagwirizane n'komwe zogulitsa.

Ndiyambe ndi kuyeza, chifukwa apa ndi pamene milandu yambiri yam'malire imabadwira. Saveya wa malo ndi munthu amene anachita digiri ya ntchitoyi, ku MUBAS yomwe kale tinkaitcha Polytechnic, kapena ku Mzuzu University, kenaka n'kugwira ntchito pansi pa akuluakulu anzake asanapatsidwe chilolezo motsatira Land Survey Act ya 2016. Iye akakhoma bikoni, chizindikiro cha malire a malo, bikoniyo siyima yokha. Amailumikiza ndi manambala a mapu a dziko lonse, kotero kuti ngakhale wina ataizula usiku, saveya wina akhoza kubwera patapita zaka makumi awiri n'kuloza pomwe inali. Mapu amene wajambula amakawunikidwa ku ofesi ya Surveyor General asanagwiritsidwe ntchito pa chikalata cha umwini, ndipo kuzula kapena kusuntha bikoni yotere ndi mlandu.

Tsono yerekezani ndi zimene zikuchitika m'makwalala mwathu. Masiku ano anyamata ena asiya tepi, akuyeza ndi foni. Amayenda m'malire akuyang'ana pa galasi la foni, n'kukulemberani manambala ataliatali ooneka ngati a boma. Wogula amasangalala, amati zalowa m'kompyuta. Chimene sauzidwa n'chakuti GPS ya foni wamba imaphonya ndi mamita angapo, makamaka pansi pa mitengo ndi m'mphepete mwa phiri ngati kuno kwathu. Pa poloti ya mamita 15 kwa 30, kuphonya ndi mamita atatu ndiye kuti chimbudzi chanu chili m'bwalo la mnansi, kapena mpanda wanu wadya msewu.

Ndikudziwa mayi wina wamasiye amene timapemphera naye limodzi. Anagula malo ndi ndalama zimene analandira amuna ake atamwalira. Wogulitsa analipo, ejenti analipo, mboni zinalipo, ndipo m'malire anadzalamo nkhadze tsiku lomwelo. Anamanga mpaka pa mawindo. Atafuna kutenga mapepala enieni kuti akabwereke ndalama zofolerera, saveya wachilolezo anabwera n'kupeza kuti chipinda chimodzi ndi theka la khonde zili m'malo osiyidwira msewu. Mayiyu sanabe malo a munthu, sanachite chinyengo chilichonse. Anachita zonse zimene ankadziwa kuti munthu wosamala amachita. Timati safunsa anadya phula, koma iyeyu anafunsa ndithu. Amene anamuyankha ndi amene sanali mwini yankho. Nyumbayo ikadali chomwecho, yopanda denga, ndipo iye akadali pa lendi.

Zoti apa pamangidwe kapena pasamangidwe ndi ntchito ya wina, katswiri wa mapulani a mizinda, motsatira Physical Planning Act ya 2016. Ndiye amadziwa pomwe padzadutse msewu, ngalande, mapaipi a Southern Region Water Board ndi mawaya a ESCOM, komanso kutalika kwa malo oyenera kusiyidwa m'mbali mwa mtsinje. Ife okhala pansi pa phiri la Zomba sitifunika kuuzidwa kufunika kwake. Mtsinje wa Likangala tikuudziwa ukakwiya. Tinaona madzi a mu Januwale 2015, tinaona namondwe Ana mu 2022, ndipo mu Malichi 2023 tonse tinalira ndi abale athu a ku Chilobwe pamene namondwe Freddy anagumula phiri la Soche. Koma mpaka lero munthu akhoza kugulitsidwa malo m'chigwa kapena pamtsetse woopsa, wogulitsayo n'kumulimbitsa mtima kuti madzi safika pano. Amene akunena mawuwo ndi amene alandire komishoni malowo akagulidwa.

Apa ndi pamene pali mtima wa nkhani yanga, akuluakulu, ndipo ndikupempha kuti mundimvetse bwino. Kusiyana kwa ejenti ndi akatswiri enawa sikuli pa sukulu pokha. Kuli pa mmene aliyense amapezera ndalama. Ejenti amadya malonda akatheka, ndipo amadya zambiri mtengo ukakwera. Palibe cholakwika pamenepo, ndiyo ntchito yake. Koma chifukwa cha chimenecho sangakhalenso woweruza wa mtengo, wa malire kapena wa ubwino wa malowo. Valuer, amene ntchito yake ndi kuwerengera mtengo wa nyumba ndi malo, amalipidwa chifukwa cha lipoti lake, kaya malonda atheka kaya alephereka. Anaphunzira land economy kapena estate management, ndipo sangotchula nambala ya m'mutu. Amafufuza mitengo imene nyumba zofanana nayo zagulitsidwira chaposachedwa m'deralo. Amawerengera ndalama zomangira nyumba yotero lero n'kuchotsapo kutha kwake. Ngati ndi nyumba ya lendi, amaona zimene imabweretsa pa chaka. Amaonanso zaka zimene zatsala pa lizi, chinthu chimene ambiri a ife sitichiganizira n'komwe pogula. Akatero amasaina dzina lake, ndipo lipoti likakhala labodza pali bungwe lomufunsa.

Mabanki amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake sabwereketsa ndalama pa chikole cha nyumba popanda lipoti la valuer wovomerezeka. Khonsolo nayo imadziwa, pakuti msonkho wa nyumba umene timakhoma umachokera pa kaundula wa mitengo amene lamulo la maboma ang'onoang'ono limafuna kuti azikonzedwanso pa zaka zisanu zilizonse, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wodandaula akaona kuti amuwerengera mopyola. Boma nalo limatumiza anthu omwewa pofuna kupereka chipukutamisozi msewu ukamadutsa m'minda ya anthu. Ndiye kuti aliyense wamphamvu amadziteteza ndi valuer. Wotsala yekha ndi wosauka, makamaka pa chuma cha masiye. Bambo akamwalira n'kusiya nyumba ku Ndola kapena ku Kalimbuka, ana ali balalabalala, wina ku Lilongwe wina ku Johannesburg, amene ali pafupi amaitana ejenti kuti anene mtengo. Ejentiyo mwina ali kale ndi wogula wake kumbali. Amauza banja mtengo wotsika, amauza wogula mtengo wokwera, zapakatizo n'kulowa m'thumba mwake kuwonjezera pa komishoni. Abale amadana mpaka kumanda chifukwa cha nambala imene inatchulidwa ndi munthu wopanda udindo woitchula. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linabwera kudzateteza amayi ndi ana, koma silingawateteze ngati mtengo wa nyumbayo unabedwa kale asanayambe kugawana.

Za loya ndinene mwachidule, ngakhale zimandipweteka kuti mzinda umene umaphunzitsa maloya a dziko lino pa Chirunga, ku University of Malawi, ndi womwenso anthu akugulitsana nyumba pa pepala la m'kope. Loya amakafufuza ku kaundula wa malo ngati wogulitsayo alidi mwini, ngati nyumbayo siili pa chikole ku banki, ngati palibe chiletso. Amaonetsetsa kuti chilolezo chosinthira lizi chatengedwa, msonkho wa ku MRA ndi wa ku khonsolo walipidwa, ndipo dzina lasinthidwadi m'kaundula. Ndalama za wogula amazisunga mu akaunti yapadera, osati m'thumba. Ndipo taonani: Malawi Law Society imatulutsa mndandanda wa maloya amene ali ndi chilolezo chaka chimenecho. Munthu akhoza kuyang'ana dzina. Chimene ndikupempha pa ntchito zinazi n'chomwechi basi.

Ojambula mapulani a nyumba, owerengera zipangizo ndi mainjiniya nawo ali ndi mabungwe awo owalembetsa, ndipo amene akumanga nyumba zosanja za ophunzira ku Chikanda ayenera kufunsidwa kuti pulani anajambula ndani. Imeneyo ndi kalata ina. Koma pali munthu mmodzi amene timamuiwala, woyang'anira nyumba za ena. Eni nyumba ambiri a mu Zomba sakhala kuno. Amasiyira munthu kuti azitolera lendi, kukonzetsa zowonongeka ndi kulipira msonkho. Imeneyi si ntchito yofanana ndi kupezera munthu nyumba n'kuchoka. Ndi ntchito yosunga ndalama za ena mwezi ndi mwezi, yofuna malisiti, mabuku ndi akaunti yosiyana ndi ya mwini wake. Alendi ambiri athamangitsidwapo m'nyumba ali olipira bwinobwino chifukwa ndalama zinathera m'njira.

Tsopano ndinene mbali imene ena mwa akatswiri sangakondwe nayo. Sindikukupemphani kuti muthamangitse ma ejenti a m'makwalala. Ndimawadziwa ambiri, ena ndi ana a anzanga, anamaliza Fomu 4 kapena koleji n'kusowa ntchito. Amagwira ntchito yeniyeni imene makampani akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe sangaigwire. Mphunzitsi akasamutsidwira kuno, msilikali akabwera ku Cobbe Barracks, namwino akayamba ntchito ku chipatala chachikulu, mwana akasankhidwira ku University of Malawi n'kupeza kuti malo ogona pasukulu adzaza, amene amadziwa kuti kuseri kwa tchalitchi chakuti ku Chikanda kapena ku Mpondabwino kwatuluka munthu dzulo ndi anyamata omwewa. Palibe kampani yokhala ndi ofesi ya magalasi imene ingayende m'matope kukakuonetsani chipinda chimodzi. Mukanena kuti aliyense woonetsa chipinda akhale ndi digiri, ntchitoyo siitha. Ingobisala, ndipo oona mtima adzafanana ndi akuba.

Pakuti akuba alipo, ndipo akuipitsa dzina la onse. Sukulu ikamatsegulira, zithunzi za zipinda zimadzaza pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Kholo lili ku Karonga kapena ku Nsanje limatumiza dipoziti pa Airtel Money kapena Mpamba kuti mwana asakasowe pogona. Mwana akafika ndi chikwama chake, nambala ija siikupezekanso, kapena chipindacho chalipiridwa ndi anthu anayi. Ena amalipiritsa ndalama yoonera nyumba imene akudziwa kuti inatengedwa kale. Ejenti woona mtima alibe chilichonse choonetsa kuti iye si mmodzi wa amenewa.

Dziko lino lakhala ndi lamulo lolembetsa ma valuer, ma estate agent ndi ogulitsa katundu pa okushoni kwa zaka zambiri, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano, Real Estate Management Act ndi Property Valuation Act. Ndikuyamika kuti ntchito ziwirizi, ya ejenti ndi ya valuer, munazilekanitsa, chifukwa n'zosiyanadi. Pempho langa n'lakuti pokhazikitsa malamulowa mukumbukire mizinda ngati Zomba, kumene malonda ambiri ndi ang'onoang'ono. Pakhale gawo la ma ejenti aang'ono. Aphunzitsidwe kwa masabata ochepa m'Chichewa, konkuno, pakuti aphunzitsi a malamulo ali pa Chirunga pomwepa ndipo TEVETA ili ndi luso lokonza maphunziro otere. Akamaliza apatsidwe chiphaso chokhala ndi chithunzi ndi nambala, cholumikizidwa ndi chiphaso cha unzika, ndiponso buku la malisiti. Malipiro olembetsera akhale oti mnyamata wa ku Sadzi angawakwanitse. Ndipo chachikulu chimene aphunzire chikhale malire a ntchito yawo: kulumikiza anthu inde, koma kuyeza malo ayi, kulemba lipoti la mtengo ayi, kusunga ndalama zogulira malo ayi. Anene poyera kuti akuimira ndani, wogulitsa kapena wogula, ndipo komishoni yake ilembedwe onse akuona. Wophwanya zimenezi alandidwe chiphasocho, dzina lake lilengezedwe.

Kwa inu a Meya ndi a Bwanamkubwa, gawo lanu silifuna kudikira Lilongwe. Pemphani mayina kwa Surveyor General, ku Surveyors Institute of Malawi, ku Malawi Law Society ndi ku mabungwe olembetsa ma valuer ndi ma ejenti, muwamate pa khoma la ofesi za khonsolo, pa ofesi ya Bwanamkubwa, pa msika waukulu ndi pa chipata cha yunivesite, chaka chilichonse atsopano. Pamwamba pa mndandanda uliwonse palembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti munthuyu ntchito yake ndi yotani ndipo si yotani. Tili ndi wailesi konkuno, YONECO FM ndi ya Chanco; mphindi khumi pa sabata zikhoza kupulumutsa mabanja ambiri. Pakhalenso nambala imodzi yoti munthu atumizeko nambala ya chiphaso cha ejenti n'kuyankhidwa ngati ali m'kaundula, ndi tebulo limodzi ku khonsolo kolandirira madandaulo.

Mutiuzenso momveka za mafumu. Ndimawalemekeza, ndipo kumudzi lamulo la Customary Land Act la 2016 linawapatsa malo awo: komiti ya za malo imatsogozedwa ndi gulupu, pamodzi ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa, osachepera atatu mwa iwo amayi. Koma mkati mwa malire a mzinda nkhani ndi ina. Chiefs Act siipereka mphamvu kwa mafumu m'mizinda pokhapokha khonsolo italola. Komabe ambiri timakhulupirira kuti chidindo cha amfumu pa pepala ndiye umwini watheka. Kodi malire a mzinda akudutsa pati kwenikweni cha ku Thondwe, cha ku Domasi, cha ku Jali? Ikani mapu aakulu poonekera, kuti munthu adziwe khomo loyenera asanatulutse ndalama.

Ndikudziwa yankho limene ambiri adzapereke, ndipo ndi loona: akatswiriwa ndi odula. Mayi wogula kapoloti ka ndalama zochepa sangathe kulipira saveya wochokera ku Blantyre, mafuta a galimoto yake ndi tsiku lake lonse. Umphawi ndi umene umatipititsa kwa mnyamata wa foni, osati umbuli wokha. Koma mtengo wa kuyeza umatsika kwambiri ngati saveya ayeza dera lonse nthawi imodzi m'malo mwa poloti imodziimodzi. Khonsolo ikhoza kusonkhanitsa mabanja a dera limodzi, kugwirizana mtengo ndi saveya wachilolezo, anthu n'kumalipira pang'onopang'ono. Ophunzira a MUBAS ndi Mzuzu University amafuna malo ophunzirirapo ntchito. Abwere adzagwire pansi pa saveya wachilolezo amene adzasaine. Unduna nawo ukhoza kuika masiku odziwika pa mwezi oti maofesala a kaundula wa malo, oyeza ndi owerengera mitengo azipezeka pa malo amodzi mu Zomba, kuti kufufuza umwini wa poloti kusamadye ndalama zoyendera zoposa mtengo wa kufufuzako.

A Nduna, zokhudza chiphaso cha ma ejenti aang'ono ndi masiku a maofesala anu zili m'manja mwanu, ndipo ndikupempha kuti mutiyankhe poyera, pa wailesi kapena m'nyuzipepala, kuti tiyembekezere liti. A Meya, mndandanda wa pakhoma uja ukungofuna makalata ochepa, mapepala ndi zomatira. Ndikupempha kuti ukhale utamatidwa ophunzira atsopano asanafike mu mzinda uno kudzafuna zipinda.

Ine wanu,
Nzika ya mzinda wa Zomba